NKHONDO YOYERA YA KU PHILADELPHIA



Mwezi uno tifuna kukusimbirani za ulendo umene tidayenda kutsidya kwa nyanja, m'dziko la Amereka, ndi za nkhondo ina imene tidaiona ndi maso athu. Musadzidzimuke ai: nkhondoyi ilibe mfuti kapena nthungo, ndipo palibe mai amene adakhalapo pa maliro a mwana wake chifukwa cha iyo. Ndi nkhondo ya mpira, yolimbana ana a sukulu ziwiri zazikulu za Eklezia Katolika, ina ya ansembe a chipani cha Augustino Woyera, inzake ya ansembe Ajezuiti. Eni ake amaitcha Nkhondo Yoyera, ndipo potchula dzinali amamwetulira. Ife tidapitako ngati alendo ongofuna kudyetsa maso, koma tidabwerako ndi mau amene tiyesa kuti ayenera kumveka pa bwalo lililonse pamene anyamata athu amenya mpira.

Mzinda wa Philadelphia uli kuvuma kwa Amereka, panjira yochokera ku New York kunka ku Washington, ndipo mtima wake uli pakati pa mitsinje iwiri, Delaware ndi Schuylkill. Adaukhazika William Penn m'chaka cha 1682, naupatsa dzina la Chigriki limene litanthauza chikondi cha pa abale. Ife tidafikako mu Disembala 2009, nyengo ya Adiventi. Kwathu kuno imeneyo ndi nyengo yopalira, munthu ali thukuta kamukamu m'munda. Kumeneko ndi chisanu choti ukalankhula m'kamwa mutuluka utsi, mitengo yonse ili mbulanda, ndipo dzuwa lilowa 5 koloko isanakwane.

Tidalandiridwa m'banja lina la Akristu a parishi imene tinkamvera Misa. Bambo wa m'nyumbamo, munthu wa imvi, adaphunzira kwa Ajezuiti pa sukulu ya Saint Joseph's. Mlamu wake, mlongo wa akazi ake, adaphunzira kwa ana a Augustino Woyera pa sukulu ya Villanova. Masiku onse awiriwa ndi anthu ogwirizana, okhala benchi limodzi m'tchalitchi. Koma madzulo a tsiku la mpira, bamboyo adatulukira atavala malaya ofiira, mlamu wake nafika atavala obiriwira ngati thambo la usiku, ndipo adayamba pakhomo pomwe.

"Alamu," adatero wa malaya ofiira, "kodi mwatenga kansalu kopukutira misozi? Lero mulira."

"Misoziyo musungire mbalame yanu ija, alamu," adayankha mnzake. "Pobwera tidzatola nthenga zake m'thumba."

Amai a m'nyumbamo adangopukusa mutu nati: "Inu abambo, ndi inu achimwene, kakanganireni kunja. Koma chakudya muchipeza pano, ndipo mudya nonse awiri."

MPIRA WA M'DENGU

Tisanalowe m'bwalo, tiyambe takuuzani za masewerawo, poti ambiri m'midzi mwathu adazolowera mpira wa miyendo. Dzina lake ndi basiketibolo, ndiye kuti mpira woponya m'dengu. Adauyambitsa mphunzitsi wina wobadwira ku Canada, James Naismith, mu Disembala 1891, m'mudzi wa Springfield ku Massachusetts. Anyamata ake ankasowa chochita m'nyengo ya chisanu, poti kunja kudali kosaseweredwa, ndipo tidziwa tonse kuti mnyamata wosowa chochita sachedwa kupeza choipa. Tsono iye adatenga madengu awiri otolera mapichesi, nawakhomera m'mwamba, lina uku lina uko, pa msinkhu wa mapazi 10. Poyamba mpira ukalowa, munthu ankachita kukwera kukautulutsa. Lero m'malo mwa dengu pali mkombero wa chitsulo ndi kaukonde koboola pansi, koma msinkhu uja wa mapazi 10 sudasinthe.

Mbali iliyonse ili ndi osewera asanu. Amai ndi atsikana odziwa ntchemberembaye angathe kumva msanga, koma kusiyana kwake ndi uku: muno wosewera aloledwa kuthamanga ndi mpira, pokhapokha akamaunjanjitsa pansi ndi dzanja. Akaugwira ndi kuyenda nawo, woimbira aliza wezulo. Woponya m'dengu ali pafupi apata mapointi 2. Woponya ali kuseri kwa mzere wozungulira patali apata 3. Ndipo amene mnzake wamlakwira apatsidwa danga loponya yekha popanda womtchinga, kuponya kulikonse pointi imodzi. Pa masewera a anyamata a sukulu zazikulu pali zigawo ziwiri za mphindi 20, koma wotchi iima nthawi zonse wezulo akalira, kotero kuti zonse zitha pafupifupi maola awiri. Palinso wotchi ina yofulumiza aulesi: masiku amenewo timu inkapatsidwa masekondi 35 kuti iponye, ndipo kuyambira 2015 ndi masekondi 30 okha.

NYUMBA YA PALESTRA

Nyumba imene tidapitako dzina lake Palestra. Ili kuzambwe kwa mtsinje wa Schuylkill, pa malo a University of Pennsylvania, ndipo idatsegulidwa pa 1 Januwale 1927. Dzinalo adalitenga kwa Agriki akale, amene ankatcha motero bwalo lophunzitsirapo anyamata kulimbana. Kunja ndi ya njerwa zofiira, yosadzionetsera, ngati nyumba zakale za pa mishoni. M'kati denga lake ndi lokhota ngati uta, logona pa mitanda ya chitsulo, popanda mzati wotchinga maso. Mulowa anthu oposa 8,700, okhala pa mabenchi otsetserekera pansi mpaka m'mphepete mwenimweni mwa bwalo, kotero kuti wokhala kutsogolo angathe kukhudza malaya a wosewera.

Anthu a kumeneko amaitcha katedrale wa mpira wa sukulu. Ife dzina limeneli poyamba silidatikomere, poti katedrale ndi mpando wa Ambuye Episkopi. Koma titalowa m'makonde ozungulira bwalo tidamvetsa chimene atanthauza. Makoma onse ndi odzaza zithunzi za osewera akale, ndipo anthu ayenda pang'onopang'ono, bambo atagwira mwana dzanja, akumlozera: "Uyu agogo ako adamuona akusewera muno." Ndi malo amene mzinda usungiramo chikumbumtima chake.

M'chaka cha 1955 sukulu zisanu za m'dera limeneli zidapangana kuti chaka chilichonse zizikomana, iliyonse ndi inzake, kuti adziwike mwini mzinda. Pangano limeneli alitcha Big 5, Akuluakulu Asanu. Zitatu mwa izo ndi za Katolika: Villanova, imene ana a Augustino Woyera adaikhazika mu 1842 naitcha dzina la Tomasi Woyera wa ku Villanova, Saint Joseph's, ya Ajezuiti, ya mu 1851, ndi La Salle, ya Abulazala a Yohane Baptista de La Salle Woyera, ya mu 1863. Zinazo ndi Pennsylvania, mwini nyumba, ndi Temple, imene adaiyambitsa mbusa wa mpingo wa Baptist, Russell Conwell, mu 1884. Mu 2023 idalowamo yachisanu ndi chimodzi, Drexel, koma dzina lija la Asanu adalisiya momwemo, monga mudzi susintha dzina chifukwa kwabadwa mwana.

Pakati pa onsewa, mkangano wotentha koposa ndi wa Villanova ndi Saint Joseph's. Adayamba kukomana mu 1921, ndipo sukulu zawo zitalikirana mtunda wosakwana mamailosi 10. Ndi anthu a chipembedzo chimodzi, obatizidwa m'maparishi amodzimodzi, okwatirana okhaokha. Nchifukwa chake nkhondoyi ilowa mpaka kukhitchini.

KABAWI NDI VUMBWE

Sukulu zina kumeneko zili ndi nyama zawo, monga ife tili ndi ziwongo. A Temple adasankha kadzidzi. Ife tikamva kadzidzi padenga mtima uti phwii, tiyamba kuganiza za maliro. Iwo amsoka pa malaya ndi kumnyadira, chifukwa ophunzira awo oyamba adali anthu a nchito amene ankaphunzira usiku. A Villanova adasankha vumbwe, a Saint Joseph's adasankha kabawi. Titamva izi tidaseka, poona kuti sukulu za ansembe zidasankha akuba awiri a m'khola la nkhuku, wina wobwera usiku, wina wogwa kuchokera kumwamba dzuwa likuswa mtengo.

Za kabawi ameneyu tiyenera kunena zambiri, poti ndiye adatigwira mtima koposa osewera. Ndi mwana wa sukulu, wovala chovala cha nthenga kuyambira kumutu kufikira kumapazi, ndipo mwambo wake udayamba mu 1956. Nchito yake ndi imodzi: kukupiza mapiko. Ayamba polowa m'bwalo, ndipo saleka mpaka atatuluka. Osewera akapuma, iye akupizabe. Pakati pa zigawo ziwiri, anthu akatuluka kukagula chakudya, iye akupizabe. Ngakhale onse ataimirira kuimba nyimbo ya fuko, mapikowo saima. Aphunzitsi a matimu akapempha kanthawi kolangiza anyamata awo, iye athamanga m'bwalo mokhotakhota, kulemba nambala 8 ndi mapazi ake, mapiko akukupiza ndithu. A wailesi ya kanema adawerengapo tsiku lina, napeza kuti pa masewera amodzi akupiza pafupifupi ka 3,500. Inu amai amene mudziwa kusinja, yesani kukweza mikono ndi kuitsitsa maola awiri osapuma, mutavala bulangete m'nyumba yotentha, ndipo mudzamlemekeza mwana ameneyu.

Si aliyense angavale nthengazo. Amene azifuna ayesedwa ndi kusankhidwa, ndipo wosankhidwayo sukulu imlipirira maphunziro, imwerenga ngati mmodzi wa timu, ayenda nayo kulikonse. Nkhope yake siioneka. Palibe pointi ndi imodzi yomwe imene aonjeza. Koma mau a sukulu yonse atsamira pa iye, poti ana a Saint Joseph's mfuu yawo ndi yakuti kabawi sadzafa. A Villanova nawo, akaona kuti zinthu zikuwayendera, ayamba kufuula kuti kabawi wafa; ndipo mbalameyo, m'malo moyankha, ingopitiriza kukupiza pamaso pawo.

CHIPONGWE CHA PA PEPALA

Ana a sukulu ziwirizi adakhala moyang'anana, ofiira mbali ina, obiriwira mbali ina, gulu lililonse ndi ng'oma zake ndi malipenga ake. Phokoso lake m'nyumba ya denga la chitsulo silineneka: tinkaona milomo ya mnzathu ikugwedera, mau osamveka.

Mwadzidzidzi, pamwamba pa gulu la ofiira padatambasuka pepala lalitali kwambiri, lodutsa pamitu ya anthu makumi angapo, lolembedwa zilembo zazikulu. Nyumba yonse idatembenuka kuwerenga, ndipo kudabuka chiseko. Uwu ndi mwambo wakale wa Akuluakulu Asanu. Ana a sukulu akhala masiku akupeka mau onyodola anzawo, nawalemba pa pepala lokulunga ngati mphasa, nalibisa mpaka nthawi yake. Ofiira anyoza obiriwira kuti ndi ana a anthu olemera, ndi kuti sukulu yawo ili kunja kwa malire a mzinda, tsono alibe mau pa za Philadelphia. Obiriwira abwezera kuti ku Saint Joseph's kupita amene adalephera kupeza malo ku Villanova. Sitikubisirani: mapepala ena adali ndi mau opyola muyeso, amene sitingawalembe m'kalata yowerengedwa pamaso pa ana, ndipo tidaona akuluakulu ena a mbali yomweyo akugwetsa nkhope ndi manyazi. Achinyamata ndi amodzi pa dziko lonse.

Koma taonani chimene chichitika ndi pepalalo. Anthu akatha kuwerenga ndi kuseka, eni ake alitsitsa pamitu mpaka kutsogolo, naling'amba zidutswazidutswa. Chipongwecho chikhala ndi moyo mphindi imodzi, kenaka chisanduka zinyalala zimene wosesa adzachotsa m'mawa. Palibe amene apita nalo kunyumba kuti akalipachike pakhoma.

Bambo wathu wa malaya ofiira adatiuzanso za mwambo wina umene iye adaukulira. Kale, timu ikangoponya m'dengu koyamba, otsatira ake onse ankaponya m'bwalo timapepala tatitalitali ta mtundu wa sukulu yawo, mpaka bwalo lonse kukwiririka, masewera nkuima kuti asese. M'zaka za m'ma 1980 akuluakulu oyang'anira masewera a sukulu adaletsa zimenezi, naika chilango pa timu imene anthu ake aponya. Posimba izi maso ake adali ngati a munthu wokumbuka gule wa kwawo amene adaleka kuvinidwa.

MASEWERA ENIENI

Chaka chimenecho mphamvu sizidali zofanana. A Villanova, pansi pa mphunzitsi wawo Jay Wright, adali atafika pakati pa matimu anai otsiriza a dziko lonse miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo ankawerengedwa pakati pa akatswiri a Amereka. A Saint Joseph's, pansi pa Phil Martelli, adali ndi chaka chowawa. Munthu woyang'ana pa pepala akadati nkhaniyo yatha isanayambe. Koma pa Nkhondo Yoyera wofooka sabwera kudzagonja. Obiriwira akatsogola, ofiira ankawalondola pambuyo ngati galu wosaleka fungo la nyama, ndipo mpira ukalowa m'dengu kuchokera patali, theka la nyumba linkadzuka nthawi imodzi, mabenchi nkumanjenjemera pansi pathu.

Pa benchi la a Villanova tidaona wansembe atakhala pamodzi ndi anyamata, ndipo m'khamu la ofiira mudalinso ansembe awo. Tidadzifunsa kuti Mulungu amva pemphero la yani usiku wotere. Mlamu uja adaseka natiuza kuti wansembe wanzeru sapempha kuti ana ake apambane, koma kuti asavulale ndi kuti asachite chochititsa manyazi.

Potsiriza a Villanova adapambana, 97 kwa 89. Belu litalira, osewera a mbali zonse ziwiri, amene mphindi yapitayo ankakankhana ndi zigongono, adandanda mizere iwiri, napatsana moni wa m'manja mmodzimmodzi, aphunzitsi awo ali patsogolo. Ndipo kumbali, pafupi ndi benchi la ogonja, kabawi uja adali chikupizire mapiko, ana a sukulu yake akufuula ndi mau osasa kuti iye sadzafa. Adagonja, koma sadachoke ngati anthu othyoka.

Panja, m'chisanu, mlamu wopambana adagula timikate topota tothira mchere timene anthu a mzindawo atikonda, napatsa mlamu wake poyamba. "Idyani, alamu, mubwezere mphamvu. Mwafuula kwambiri pachabe." M'galimoto mkangano udapitirira. Wobiriwira adakumbutsa za 1985, pamene Villanova idatenga chikho cha dziko lonse pogonjetsa Georgetown, sukulu inanso ya Ajezuiti, 66 kwa 64. Wofiira adakumbutsa za nyengo ya 2003 mpaka 2004, pamene Saint Joseph's idapambana masewera 27 otsatizana osagonja. Tidamfunsa tsono: "Bambo, kodi simukadakondwa sukulu ya alamu anuwa ikadangoleka mpira, kuti mupume?" Adakhala chete pang'ono, natiuza kuti kuyambira 1991 mpaka 1999 pangano la Asanu lidafooka, sukulu iliyonse nkumangokomana ndi anzake awiri pachaka m'malo mwa anai. "Zaka zimenezo," adatero, "chisanu chinkatalika. Kupambana mlendo wochokera kutali kulibe mchere. Ndikapambana alamu angawa, ndimadya chaka chonse." Tidafika kunyumba, ndipo monga adanenera amai aja, adadya onse awiri pa tebulo limodzi.

NKHONDO INA, YOSAYERA

M'mawa mwake alamu awiriwo adati sitingachoke tisanaone kumene sukulu zawo zidachokera, ndipo adapita nafe ku chigawo chakale cha mzinda, kufupi ndi mtsinje wa Delaware. Kumeneko kuli matchalitchi awiri oyandikana, oti munthu ayenda pansi kuchoka pa lina kufika pa linzake.

Loyamba ndi la Yosefe Woyera, limene Ajezuiti adaliyamba mu 1733, nthawi imene m'maiko ambiri olamulidwa ndi Angerezi kudali koletsedwa kuchita Misa poyera. Lidabisala m'kanjira kopapatiza, kuseri kwa nyumba zina, kotero kuti mlendo angathe kulipitirira osadziwa. Pamenepo ndi pamene sukulu ya Saint Joseph's idayambira mu 1851.

Lachiwiri ndi la Augustino Woyera. M'chaka cha 1844 mumzindamo mudabuka chipolowe. Akatolika ambiri adali alendo osauka ochokera ku Ireland, ndipo Ambuye Episkopi Francis Kenrick adapempha kuti ana a Katolika m'sukulu za boma aziloledwa kuwerenga Baibulo lovomerezedwa ndi Eklezia. Odana ndi alendo adafalitsa bodza lakuti Akatolika afuna kuchotsa Baibulo m'sukulu. Anthu adaphana m'miseu, ndipo pa 8 Meyi 1844 khamu lidatentha tchalitchi la Mikaeli Woyera ndi la Augustino Woyera, pamodzi ndi mabuku ambirimbiri a ansembewo. Umphawi umene udatsatira udatseketsa sukulu ya Villanova mu 1845, ili yakhanda, mpaka idatsegulidwanso mu 1846. Tchalitchi limene tidalowamo ndi limene adamanganso pa phulusa la loyamba.

Tidagwada m'menemo, wofiira ndi wobiriwira ali phewa ndi phewa. Pamenepo tidazindikira chifukwa chake anthuwa amwetulira potchula Nkhondo Yoyera. Makolo awo adaiona nkhondo yeniyeni ya chipembedzo, ya moto ndi maliro, ndipo motowo sudafunse kuti uyu ndi wa Ignasio kapena wa Augustino. Anthu amene adalirira pamodzi angathe kunyodolana osadana.

Zaka zotsatira zidaonjeza pa nkhaniyi. A Villanova adatenganso chikho cha dziko mu 2016 ndi mu 2018. A Saint Joseph's adanyadira mu 2013 pamene Mjezuiti woyamba adakhala pa mpando wa Petro Woyera, Papa Francis, amene pa 27 Sepitembala 2015 adaponda pa sukulu yawo. Iye atamwalira mu Epulo 2025, Makadinala adasankha Robert Prevost, wa chipani cha Augustino Woyera, amene adatsiriza maphunziro a masamu pa Villanova mu 1977. Papa Leo XIV adasankhidwa pa 8 Meyi 2025, tsiku lomwe lija limene tchalitchi la abale ake lidapsa, patapita zaka 181. Tikhulupirira kuti pa tebulo lija alamu awiri adapeza chokanganirana chatsopano. Koma pa Misa onse atchula dzina la Papa mmodzi.

MAU KWA A KWATHU

Abale okondedwa, zimene tidaona kutsidyako si zachilendo kwa ife. Makolo athu adadziwa kale kuti pali chipongwe chomanga chibale. Msuwani anyoza msuwani wake pagulu, mlamu aseka mlamu wake, ndipo palibe mlandu. Koma tsiku la maliro ndiwo oyamba kufika. Ku Zambia, Angoni ndi Abemba, amene makolo awo adalasana ndi nthungo, lero anyodolana ndi kupakana ufa pa maliro ndi pa zikondwerero, ndipo nthabwala zomwezo ndizo zisunga mtendere. Akulu adati chibale ndi fupa, sichiola.

Nanga bwanji pa mabwalo athu a mpira nzeru imeneyi tiiiwala? Tonse tidaonapo masewera a mudzi ndi mudzi, ngakhale a tchalitchi ndi tchalitchi la parishi imodzi, akutha ndi miyala, woimbira akuthawira m'chimanga, ena akunamizira anzawo kuti adakwirira mankhwala pagolo. Tidaonapo mabanja osalonjerana mwezi wathunthu chifukwa cha chigoli chimodzi, ndipo Lamulungu onse nkupita ku Ukaristia ngati palibe kanthu. Zotere siziyenera Akristu.

Sitinena kuti anyamata aleke kulimbana ndi mtima wonse ai. Masewera ofooka sakondweretsa Mulungu kapena anthu. Fuulani, imbani, nyodolani a tsidya lina ndi nzeru zanu zonse. Koma chipongwe chanu chikhale cha pa pepala, chong'ambika dzuwa likamalowa. Chisakhudze mai wa munthu, chilema chake kapena mtundu wake. Opambana akumbuke kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ayambe ndiwo kutambasula dzanja. Ogonja akumbuke mwana uja wa nthenga, wosaoneka nkhope, amene adakupizabe mapiko masewera atatha kale. Ndipo inu makolo, akatekisti ndi aphunzitsi, musakhale kunyumba tsiku la mpira: pitani mukakhale pambali pa bwalo monga ansembe aja, chifukwa mwana saponya mwala atate ake akumuona. Mukatha, itanani alendowo adye nsima asanabwerere kwawo, poti popanda iwo simukadakhala ndi wosewera naye.

Tikupemphani kuti pa korona wa madzulo ano mukumbukire achinyamata a m'mudzi mwanu, ndi a mudzi umene mupikisana nawo. Yosefe Woyera ndi Augustino Woyera, amene kumwamba sakangana, atipempherere tonse. Tsalani bwino, Mulungu akusungeni mpaka mwezi wamawa.